MBIRI YA MAWU OTI "CHABE" NDI ABALE AKE

Mphunzitsi akabweza kope la mwana atalembamo kuti "ntchito yachabechabe", mlimi akaponya khasu kuseri kwa nkhokwe nati "latha ntchito", ndipo dokotala akauza mayi kuti mankhwala aja "sakugwira ntchito", onse atatu akunena za chinthu chimene sichidapereke zomwe anthu amayembekezera. Komatu sakunena chinthu chimodzi. Mphunzitsi waweruza. Mlimi wachitira umboni chida chimene chidamutumikira mpaka kuperepeseka. Dokotala wangofotokoza zimene waona. Masiku ano alembi ambiri, makamaka omasulira nkhani kuchokera m'Chingerezi mothamangitsana ndi nthawi, amaunjika zonsezi m'mawu amodzi oti "chachabechabe". M'nkhani ino tilondola kumene mawu oti "chabe" adzera, m'kamwa mwa anthu ndi m'mabuku momwe, kuti tione chifukwa chake mlembi ayenera kuwagwiritsa ntchito mosamala.

Chabe m'kamwa mwa eni ake

Choyamba choyenera kudziwa n'chakuti phatikizo loti "cha" la m'mawuwa si mgwirizanitsi. Timati "chinthu chabe", "zinthu chabe", "anthu chabe", ndipo mawuwo sasintha. Palibe amene amati "zinthu zabe" kapena "munthu wabe". Akaima paokha, mawuwa amagwira ntchito ya muonjezi, ndipo tanthauzo lake limadalira chiganizo chimene alimo. Taonani ziganizo zinayi izi:

(a) Pamsonkhano padafika anthu asanu chabe.
(b) Musadandaule, ndabwera kudzacheza chabe.
(c) Tidavutika chabe kupalira, mvula idadula.
(d) Chilemerere chake, abale ake amawayesa chabe.

M'chiganizo (a) mawuwa akuchepetsa chiwerengero. Mu (b) akuchotsa nkhawa, pakuti mlendoyo sadabwere ndi mlandu kapena uthenga wa maliro. Mu (c) akunena za thukuta limene silidabale kanthu, ndipo mu (d) akunena za kunyoza. Chimene chikumanga matanthauzo anayiwa pamodzi ndi ganizo lakuti palibe china choonjezerapo. Pa anthu asanuwo palibe wachisanu ndi chimodzi, pa kuchezako palibe nkhani ina, pa kupalirako palibe zokolola, ndipo pa abalewo, m'maso mwa wolemerayo, palibe choŵerengera. Mwa zinayizi, ndi chimodzi chokha chimene chili ndi mnyozo.

Tikaphatikiza "pa-" timapeza "pachabe", monga m'mwambi uja woti "galu wamkota sakandira pachabe". Apa tanthauzo ndi lakuti popanda chifukwa. Koma tikati "ndalama zapita pachabe" tikunena kuti zaonongeka popanda phindu. Tikafuna kuti mawuwa afotokoze dzina, timawapatsa mgwirizanitsi kuti akhale mfotokozi: wachabe, chachabe, zachabe. Tikabwereza tsinde timapeza "wachabechabe", ndipo pamenepa mnyozo wafika pachimake. Kusiyana kwake kumaonekera bwino m'ziganizo zitatu izi: "iyeyu ndi munthu chabe", "iyeyu ndi munthu wachabe", "iyeyu ndi munthu wachabechabe". Choyamba chikhoza kunenedwa pomupepesera mfumu imene yalakwitsa, pokumbutsa anthu kuti nayonso ili ndi thupi ndi magazi. Chachiwiri chikunena kuti alibe dzina pakati pa anzake. Chachitatu chikhoza kukafikitsa wochinenayo kubwalo la milandu.

Mawuwa alowa m'mabuku

Ntchito yosonkhanitsa mawu a chiyankhulo chathu m'buku idayambira kutali. Johannes Rebmann, mmishonale wa ku Germany amene ankakhala pafupi ndi Mombasa, adalemba mawu amene adawamva kwa Salimini, munthu wa kwathu kuno amene adatengedwa ukapolo, ndipo buku lake lidasindikizidwa mu 1877. Mu 1892 David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre adatulutsa mtanthauziramawu wamkulu wa Chimang'anja, umene Alexander Hetherwick adaukonzanso ndi kuukuza mu 1929. Mabuku onsewa adali a ziyankhulo ziwiri. Cholinga chake chidali kuthandiza mlendo kupeza mawu a Chingerezi ofanana ndi athu. Njira imeneyi ili ndi ubwino wake, komanso ili ndi msampha. Munthu akazolowera kuona mawu athu atandandalikidwa moyang'anizana ndi a Chingerezi, amayamba kuganiza kuti awiriwo ndi mapasa, ndipo kuti paliponse pamene pali limodzi akhoza kuikapo linzake. Mtanthauziramawu wofotokoza mawu athu m'chiyankhulo chathu chomwe tidadzaulandira m'chaka cha 2000, pamene Centre for Language Studies ya ku Zomba idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja.

Buku limene lidawapatsa mawuwa ulemerero waukulu ndi Baibulo. Komiti yomasulira malembo m'Chinyanja chimodzi chomveka kwa Amang'anja a kumwera ndi Achewa a pakati idakhazikitsidwa mu 1900, ndipo ntchito yaikulu idagwa pa mapewa a William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, mothandizana ndi aphunzitsi achikuda. Buku Lopatulika lathunthu lidatuluka mu 1922. Omasulirawa atafika pa buku la Mlaliki adakumana ndi mawu a Chihebri oti "hebel", amene amapezeka ka 38 m'bukulo. Tanthauzo lake lenileni ndi mpweya kapena nthunzi, monga ija imatuluka m'kamwa m'mamawa wa mwezi wa Juni n'kuzimirira nthawi yomweyo. Ndi mawu omwewa amene ali dzina la Abele, mwana wa Adamu amene moyo wake udafupika. Baibulo la Chilatini lidawamasulira kuti "vanitas", ndipo la Chingerezi la mu 1611 lidatsata pomwepo ndi mawu oti "vanity". Omasulira athu adasankha "chabe" ndi "zachabechabe".

Kusankha kumeneku kudali kwanzeru, pakuti "chabe" ali nalo ganizo la kusowa kanthu m'kati. Koma mawu aŵiriwa sapsa mofanana mbali zonse. Nthunzi siyoipa ndipo siyonyozeka. Vuto lake ndi lakuti siikhalitsa ndipo siigwirika ndi manja. Mlaliki yemweyo amalangiza munthu kudya, kumwa ndi kukondwera ndi ntchito yake, zimene sakadanena akadakhala kuti amaona moyo ngati chinyalala. Pamene mawu oti "zachabechabe" adapita nakulirakulira mnyozo m'kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku, womvera ulaliki wa lero akhoza kumva chitonzo pamene mlembi wakaleyo ankadandaula za kufupika kwa zinthu. Omasulira Baibulo la Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero adasiya "chabe" pamalopa natenga "zopandapake". Nawonso adapindula mbali ina ndi kutaya ina, monga zimachitikira m'ntchito yonse yomasulira.

Buku Lopatulika lomwelo limationetsa kuti omasulira a mu 1922 ankasiyanitsa bwino mawu a banja limeneli. Pa lamulo loletsa kuseweretsa dzina la Mulungu adaikapo "pachabe". Pa mawu a Chiaramu oti "raka" a mu Mateyu 5, omwe ndi chipongwe chonena kuti munthu ndi wopanda kanthu m'mutu, adaikapo "wopanda pake". Pa mchere umene wataya kukoma kwake, m'mutu womwewo, adagwiritsa ntchito mneni woti "kusukuluka". Malo atatu, mawu atatu. Iwowa sadakhutire ndi mawu amodzi ongolowa paliponse.

Kalembedwe kake

Amene adakulira pa makope akale a Buku Lopatulika akukumbukira kuti mawuwa ankalembedwa kuti "cabe" ndi "zacabecabe", monganso "Cipangano" ndi "cifukwa". Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 utagamula kuti chiyankhulochi chizitchedwa Chichewa ndi kuti chikhale cha fuko, boma lidakhazikitsa Bungwe la Chichewa mu 1972. Malamulo a kalembedwe amene Bungweli lidatulutsa mu 1973, nkudzawakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, adaika "ch" pamalo pa "c", ndipo kuyambira pamenepo ana a sukulu za m'Malawi amalemba "chabe". Ku Zambia mabuku a sukulu adasunga "c", kotero kuti mwana wa ku Chipata amalemba "cabe" pamene mnzake wa ku Mchinji, mtunda wosakwana ulendo wa ola limodzi pagalimoto, amalemba "chabe". Katchulidwe n'kamodzi. Chochititsa chidwi n'chakuti m'Chinyanja cha m'mizinda ya ku Zambia mawuwa amamveka kaŵirikaŵiri m'tanthauzo lija lochepetsa, pamalo pamene Mmalawi akadanena kuti "basi".

Zolakwika ziŵiri zimaonekabe m'zolemba zimene akonzi amalandira. China ndi kuika kamzere pakati pa tsinde lobwerezedwa, monga "zachabe-chabe". Alembi akale ankatero, koma mwambo umene tatsata kuyambira nthawi ya Bungwe ndi kulemba mawu obwerezedwa ngati amodzi: zachabechabe, pang'onopang'ono, akuluakulu. China ndi kulekanitsa mgwirizanitsi, monga "munthu wa chabechabe". Popeza mawuwa akufotokoza mkhalidwe, osati mwini chinthu, tiyenera kulemba "wachabechabe", monga timalembera "wanzeru" ndi "waulesi".

Abale ake a chabe

Chichewa sichidasaukepo mawu onena za kulephera kwa zinthu. Anthu olima, osula ndi ofulula adaona kalekale kuti chilichonse chimafa imfa yakeyake. Mpeni umabuntha. Nthaka imaguga. Dzira limasukusa. Chimanga chimafumbwa. Mchere, utoto wa nsalu ndi mankhwala a zitsamba zimasukuluka. Mneni aliyense pamenepa akutchula chifukwa cha kulepherako, ndipo potero akuloza chochita: mpeni wobuntha ukanoledwe, nthaka yoguga igonere kapena ithiridwe manyowa, dzira losukusa litayidwe. Mlembi wa uphungu wa zaulimi amene walemba kuti "nthaka yachabechabe" wauza mlimi kuti ataye mtima, pamene akadalemba kuti "nthaka yoguga" akadamuuza kuti pali chochita.

Mawu oti "wopanda pake" nawonso ali ndi mbiri yawo m'kati mwa chiyankhulo. Tikaona mayi akulira mwana wake timati "m'pake", kutanthauza kuti kulirako kuli pamalo pake ndipo kuli ndi chifukwa. Chopanda pake, tsono, ndi chimene chilibe malo kapena chifukwa: mkangano wopanda pake, mantha opanda pake. "Chopanda ntchito" ndi chimene palibe akuchifuna pa nthawiyo, ngakhale chili chabwinobwino, monga ambulera m'mwezi wa Seputembala. "Chopanda phindu" ndi chimene sichibweza zimene zidalowapo. "Chotha ntchito" ndi chimene chidagwirapo ntchito kale. Makobiri a mapaundi, mashilingi ndi mapeni adatha ntchito dziko litayamba kugwiritsa ntchito kwacha ndi tambala mu 1971, koma palibe mkulu wokhomapo msonkho ndi ndalama zimenezo amene angavomere kuti zidali zachabechabe. Mwambi woti "tsobola wakale sawawa" ukunena za kutha mphamvu kotereku, ndipo suiwala kuti tsobolayo adaŵaŵapo.

Ngakhale chimene anthu amachiyesa chachabe chimakhala chotero kwa nthawi chabe. Gaga ndi madeya, pa chaka cha mwanaalirenji, ndi chakudya cha nkhuku ndi nkhumba. Pa njala ya mu 2002 anthu ambiri adapulumukira madeya omwewo, ndipo ankachita kulimbirana kuzigayo.

Phunziro la kuchipatala

Palibe malo amene kusiyanitsa kumeneku kuli kofunika kuposa m'zolemba za umoyo, ndipo mbiri ya mankhwala a malungo m'dziko muno ikutiphunzitsa bwino. Kwa zaka zambiri mankhwala odalirika adali chloroquine. M'zaka za m'ma 1980 madokotala adayamba kuona kuti ana ambiri sakuchira atamwa mankhwalawa, chifukwa tizilombo toyambitsa malungo tidali titapima. Mu 1993 Malawi lidakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kuika SP, amene anthu adawazolowera ndi dzina loti Fansidar, kukhala mankhwala oyamba a malungo. Patapita zaka, tizilombo tidapimanso ku SP, ndipo mu 2007 boma lidabweretsa LA.

Kodi chloroquine adali wachabechabe? Akatswiri adamuyesanso pomuyerekeza ndi SP pa kafukufuku wa ana 210 a ku Blantyre, ndipo zotsatira zimene zidasindikizidwa mu 2006 zidaonetsa kuti adachiza ana 99 mwa 100 alionse, pamene SP adachiza 21 okha mwa 100. Mankhwalawo sadasinthe. Chidasintha ndi tizilombo: chloroquine atachoka m'zipatala kwa zaka zoposa khumi, mtundu wopima uja udachepa ndipo mtundu womva mankhwala udachulukanso. Izi sizidachititse boma kubwerera ku chloroquine, ndipo wodwala ayenera kumwa okhawo mankhwala amene achipatala ampatsa. Koma kwa ife a zachiyankhulo phunziro lake n'loonekeratu. Mawu olondola adali oti "chloroquine wasiya kugwira ntchito pa tizilombo ta malungo", osati "chloroquine ndi wachabechabe".

Chingerezi chili ndi mawu osiyana pa nkhaniyi, monga "ineffective", "expired", "counterfeit" ndi "useless", ndipo ife tili nawo ofanana nawo. Mankhwala amene tizilombo tapima ndi "osagwira ntchito pa matenda akutiakuti". Amene adutsa tsiku lolembedwa pabotolo ndi "otha mphamvu" kapena "opitirira nthawi yake". Amene apangidwa mwakuba ndi "achinyengo". Womasulira amene walemba "achabechabe" pa onsewa wabisira mayi wodwazika mwana chinthu chimene akadachita: kubwerera kuchipatala, kuyang'ana tsiku pabotolo, kapena kuleka kugula mapiritsi pamsika. Choopsa china n'chakuti munthu akamva kuti mankhwala a kuchipatala ndi achabechabe, ulendo wina sadzapitakonso.

Phunziro la kubwalo la milandu

Ndale za zipani zambiri zitabwerera pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, olemba nkhani m'Chichewa adakumana ndi mawu a malamulo amene kale sankafunika kuwamasulira tsiku ndi tsiku. Gawo 5 la malamulo aakulu a dziko a mu 1994 limanena kuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chotsutsana ndi malamulo aakuluwo n'chopanda mphamvu, pa mbali yokhayo imene chikutsutsana nawo. Lamulo lotere silitchedwa lachabechabe, pakuti mbali zake zina zikhoza kukhala zabwino ndi kupitirira kugwira ntchito. Ndi "lopanda mphamvu pamaso pa malamulo".

Momwemonso, pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a bwalo loona za malamulo aakulu, atakhala ku Lilongwe, adagamula kuti chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha pa 21 Meyi 2019 sichidayende motsata malamulo. Bwalo lalikulu la apilo lidagwirizana nawo pa 8 Meyi, ndipo anthu adavotanso pa 23 Juni chaka chomwecho. Mneni woyenera apa ndi "kufafaniza": bwalo lidafafaniza zotsatira. Kulemba kuti bwalo lidati chisankho chidali chachabechabe ndi kuika m'kamwa mwa oweruza mawu a pamsonkhano wa ndale, komanso ndi kuuza nkhalamba imene idaima pamzere kuyambira m'bandakucha kuti idavutika chabe. Bwalo lidafafaniza zotsatirazo pofuna kuteteza voti ya nkhalambayo. Nayo voti imene munthu wachonga molakwika timaitcha "yoonongeka", ndipo mawuwa ndi abwino chifukwa akunena za pepala, osati za mwini wake.

Malangizo kwa alembi, akonzi ndi aphunzitsi

Kuchokera m'mbiri imeneyi tikhoza kutolapo mfundo zinayi.

1. Musanalembe "chachabechabe", dzifunseni chimene chalephera ndi chifukwa chake. Ngati chifukwacho chili ndi mneni wakewake, monga kubuntha, kuguga, kusukuluka kapena kutha mphamvu, lembani mneniyo.

2. M'nkhani za umoyo, zaulimi, za malamulo ndi za chuma, pewani "chachabechabe" pokhapokha ngati mukubwereza mawu a munthu wina, ndipo muwaike m'mitengero.

3. M'nthano, m'masewero ndi m'ndakatulo mawuwa ali ndi malo awo. Mpongozi wokwiya akhoza kutcha mkamwini wake wachabechabe, ndipo woŵerenga adzamva ukali wake. Mphamvu imeneyi imasukuluka mawuwo akamangolembedwa paliponse.

4. Pa munthu, makamaka mwana wa sukulu, wodwala, wokalamba kapena waulumali, mawuwa asatuluke m'cholembera cha mphunzitsi kapena cha mkonzi. Chimango cha mwana chikhoza kukhala chosalongosoka, chosamalizidwa kapena chosayankha funso, ndipo mawu amenewa amamuuza pokonza. "Chachabechabe" samuuza kanthu, koma kuti aleke.

Pomaliza, tisaiwale kuti chiyankhulo chathu chomwechi chidanenedwapo mawu amenewa. Alipo makolo ndi ophunzira amene amati Chichewa n'chachabechabe chifukwa sichilembetsa ntchito, ndipo amaloza ku Nyumba ya Malamulo, kumene malamulo aakulu amafuna kuti phungu adziwe kuyankhula ndi kuŵerenga Chingerezi. Tikawafunsa funso lija la m'mfundo yoyamba, yankho lake limapezeka msanga. Chiyankhulo chimene chidanyamula Baibulo lonse mu 1922, chimene chimaulutsa nkhani pawailesi tsiku ndi tsiku, ndiponso chimene namwino amafunsira wodwala pamene pakumupweteka, sichidabunthe ndipo sichidasukuluke. Pali ntchito zina zimene sichidapatsidwe, ndipo pali mawu ena a sayansi ndi malamulo amene sitidagwirizanebe. Bungwe la Chichewa lidathetsedwa mu 1995, ndipo udindo wake wofufuza udapita ku Centre for Language Studies mu 1996, koma kusankha mawu oyenera pa tsamba lililonse kudatsalira mlembi, mkonzi ndi mphunzitsi. Khasu lopachikidwa kudenga limachita dzimbiri, ndipo mlandu wake sukhala wa wosula.